Tim Legler wafika bwanji pampando waukulu wa ESPN pomwe matimu ankangomutaya?

Funso lomwe talandira likuti: "Ine ndimadzuka usiku kuonera NBA pa ESPN ndipo masiku ano ndikumva Tim Legler akuthirira ndemanga pa magemu akuluakulu limodzi ndi Mike Breen. Nditafufuza ndapeza kuti munthuyu sankafika olo mapointi 7 pa gemu ndipo anangoyendayenda m'matimu. Nde amadzudzula bwanji madolo ngati LeBron? Bwanji osaika anthu omwe anali akatswiri enieni? Ndikufunsanso chifukwa ineyo ndasewera basiketibo ku Lilongwe zaka zambiri, bondo layamba kuvuta, ndimalakalaka zoulutsa magemu koma sindinatchukepo."

Achimwene, manambala mwapezawo ndi oona ndithu. Legler anasewera magemu 310 okha mu NBA, ligi yaikulu ya basiketibo ku America, m'matimu 6, ndipo mapointi ake pa gemu sanafikedi 7. Koma ine ndikuuzeni mosabisa kuti kuyendayenda mukukuona ngati chilema kuja ndi kumene kunamuphunzitsa ntchito akugwira lero, ndipo ndikuona kuti ESPN inachita kuchedwa kumupatsa mpando umenewu.

Tiyambe ndi komwe anachokera. Anabadwa mu December 1966, anakasewerera La Salle University ku Philadelphia, komwe ankaponya bwino kwambiri ngakhale dolo wa timuyo anali Lionel Simmons. Itafika draft ya 1988, mwambo womwe NBA imasankhira osewera atsopano, matimu anasankha anyamata 75 ndipo dzina lake silinatchulidwe. Zifukwa zake sizovuta kuzimvetsa, munthu wa mamita 1.93, liwiro lochepa, kulumpha kosaposa anzake, ndipo luso lake lalikulu linali three, kuponyera patali komwe kumapatsa mapointi atatu, pa nthawi yomwe makochi three ankaiona ngati yamasewera. Zaka zimenezo timu inkatha gemu yonse osaponya ma three okwana 10, pomwe lero amapitirira 30. Akanabadwa zaka 25 pambuyo pake bwenzi matimu akumulimbirana, koma anabwera msanga nthawi yake isanakwane.

Nde anapita ku CBA, ligi yaing'ono yomwe inali njira yolowera mu NBA kusanabwere G League tikuidziwa lero. Anayamba ndi Rochester Flyers ku Minnesota, timu yomwe kenako inasamukira ku Nebraska n'kukhala Omaha Racers, ndipo ku Omaha ndi komwe ankabwererako nthawi ndi nthawi NBA ikamulavula. Moyo wa CBA unali wa maulendo ataliatali pa basi, malipiro ochepa, mahotela otchipa, ndipo aliyense mu timu ankasewera diso lili kwa ma scout omwe akhala pa sitandi. Musaipeputse ligi imeneyi, John Starks ndi Anthony Mason anadutsa momwemo, ngakhale Phil Jackson amene anayamba waphunzitsa Albany Patroons asanakatenge makapu ndi Michael Jordan ku Chicago. Legler anakaseweranso mu USBL, ligi inanso yaing'ono ya ku America, nyengo yotentha, anakafika ndi ku Limoges ku France.

Khomo lomwe anthu ngati iye amalowera mu NBA ndi kontirakiti ya masiku 10, ndipo apa ndikufuna muone bwinobwino chifukwa mutu wa nkhani uli pamenepa. Timu ikavulalitsa wosewera imaimba foni, munthu amakwera ndege tsiku lomwelo, mawa lake m'mawa ali pa shootaround, pulakitisi yopepuka ya tsiku la gemu. Amamupatsa buku la ma play, mayina ake onse ndi achilendo chifukwa play yomwe ku timu ina amaitchula dzina lina kuno ali nalo lawo, difensi ya pick and roll, play yomwe wina amatchingira mnzake njira ndi thupi (skrini) n'kuthamangira ku ringi, nayonso ili ndi malamulo ake, uku amati dutsa pamwamba pa skrini, uku amati sinthanani, uku amati mukankhire kumzere wa m'mbali. M'masiku 10 amenewo mwina pali magemu anayi kapena asanu ndipo mwina kochi amulowetsa mphindi zisanu zokha gemu itatha kale. Akaima malo olakwika kamodzi kokha kochi waona, ndipo lamulo limati timu imodzi ingakupatse makontirakiti oterewa awiri okha pa sizoni, kenako ikusunge mpaka sizoni ithe kapena ikusiye upite. Zili ngati waganyu yemwe amadziwa kuti akalima mzere umodzi mokhota mawa samuitananso. Munthu wotere alibe mwayi wodalira thupi. Amayenera kudziwa ntchito ya anthu onse asanu omwe ali mu khothi, ya anzake ndi ya adani omwe, ndipo amayenera kuidziwa msanga kuposa wina aliyense.

Legler anadutsa mu zimenezi ku Phoenix Suns mu 1990, kenako Denver Nuggets, kenako Utah Jazz, konseko magemu owerengeka. Ganizirani masukulu amenewa, Denver ya Paul Westhead yomwe inkangothamanga n'kuponya msangamsanga osasamala za difensi, kenako Utah ya Jerry Sloan komwe John Stockton ndi Karl Malone ankachita chilichonse mwa dongosolo ndipo ukaphonya skrini umakhala pansi. Mitu iwiri yosiyana kotheratu ya momwe basiketibo iyenera kuseweredwa, ndipo iye anakhala m'kati mwa yonse iwiri. Malo okhazikikako pang'ono anawapeza ku Dallas Mavericks, koma inali Dallas yomwe mu sizoni ya 1992-93 inapambana magemu 11 okha n'kugonja 71, ndipo sizoni yotsatira inapambana 13. Amene anakhalapo mu timu yogonja chonchi amadziwa momwe chipinda chosinthira chimawolera, momwe osewera amasiyira kumvera kochi, momwe aliyense amayambira kusewerera manambala ake. Zinthu zimenezi dolo yemwe wakhala akupambana moyo wake wonse sanazionepo ndi maso ake.

Atadutsa ku Golden State Warriors anafika ku Washington Bullets mu 1995, ali ndi zaka pafupifupi 29, ndipo apa ndi pomwe zinamuyendera. Timu inali ya Juwan Howard, Chris Webber yemwe anavulala mbali yaikulu ya sizoniyo, Rasheed Wallace ali mwana watsopano, ndi chimphona chija cha ku Romania, Gheorghe Muresan. Legler ankachokera pa benchi ndipo anamaliza sizoni ya 1995-96 akulowetsa 52.2 peresenti ya ma three ake, nambala wani mu ligi yonse. Pa All-Star ya 1996 ku San Antonio, chikondwerero cha pachaka cha madolo a NBA, anapambana mpikisano wa three, anapeza 23, 22 ndi 20 m'ma raundi atatu pa mapointi 30 otheka, ndipo mu fainolo anagonjetsa Dennis Scott wa Orlando Magic. Ena amanena kuti zinatheka chifukwa mzere wa three unali utafupikitsidwa, ndipo n'zoona, kuyambira 1994 mpaka 1997 NBA inausendeza kuchoka pa mamita 7.24 kufika pa 6.71. Koma mzere womwewo ndi umene ankaponyerapo Reggie Miller, ndi umene ankaponyerapo Steve Kerr yemwe anathera pa 51.5 chaka chimenecho, ndi Dennis Scott yemwe analowetsa ma three 267. Onse anali ndi mwayi wofanana ndipo wapamwamba anali Legler.

Chomwe chimandipweteka pa nkhani yake n'chakuti sizoni yomweyo ikupita kumapeto, mu April 1996, anaduka mtsempha wa bondo, womwe amautcha ACL. Munthu wavutika zaka 8 kuti apeze malo, wawapeza, asanadyerere n'komwe bondo laphulika. Anabwerera koma sanakhalenso chimodzimodzi, masizoni otsatirawo anasewera magemu ochepa, timu inasintha dzina kukhala Wizards mu 1997 iye ali pomwepo, ndipo anamalizira ku Golden State mu 2000. Chaka chomwecho analowa ESPN. Anakachitanso maphunziro a bizinesi ku Wharton, sukulu ya University of Pennsylvania yomwe kulowako kokha ndi nkhani, nde mungaone mtundu wa mutu womwe tikukambawu.

Tsopano za ntchito ya pa kanema, chifukwa ambiri amaganiza kuti ndi kungokhala pansi n'kumacheza za mpira. Pa gemu pamakhala anthu a ntchito ziwiri. Mike Breen, yemwe wakhala akuulutsa ma Finals kuyambira 2006, ntchito yake ndi kunena zomwe zikuchitika, ndani wagwira mpira, nthawi yatsala bwanji, zigoli zili pati. Wothirira ndemanga ntchito yake ndi kunena chifukwa chake zachitika choncho, ndipo ali ndi masekondi ochepa kwambiri popeza mpira ukangolowa timu ina yayamba kale ulendo wake wa masekondi 24. M'khutu muli kachipangizo momwe produsa yemwe ali mu thiraki panja pa sitediyamu akulankhula nthawi yomweyo, akukuuza kuti replay ikubwera, kamera iti, ndipo pakatha masekondi 10 tikupita ku malonda. Uyenera kumva zimenezo uku ukulankhula chiganizo chomveka kwa mamiliyoni a anthu.

Tiyerekeze wina walowetsa three ali yekhayekha pa kona. Wothirira ndemanga waulesi angonena kuti mnyamatayu ndi woopsa, simungamusiye yekha. Inu ndi ine taona kale zimenezo, sanatiuze kanthu. Munthu wa mtundu wa Legler abwerera masekondi anayi kumbuyo, akuonetsani kuti skrini inaikidwa pamwamba, wamtali wa difensi anatuluka kukatseka wogwira mpira, wamtali wa timu yoponya anathamangira ku ringi, nde yemwe amalondera munthu wa pa kona uja anakakamizika kulowa m'kati mapazi awiri kuti akamutchinge, ndipo mpira unadutsa pamutu pake nthawi yomwe phazi lake linali lisanatere. Kenako akuuzani kuti timu ija ibwerezanso play yomweyo mpaka kochi winayo asinthe, ndipo mukadikira pang'ono muionadi ikubwera. Legler amaona zimenezi chifukwa munthu woima pa kona uja anali iyeyo. Chakudya chake chinkadalira kudziwa nthawi yeniyeni yomwe womulondera atembenuze mutu. Zaka zambiri wakhala akuchita zimenezi pa SportsCenter, makamaka usiku ndi Scott Van Pelt, ataima pa sikirini yaikulu akuimitsa kanema n'kumazunguliza osewera ndi chala, ndipo ndi pamenepo pomwe okonda basiketibo enieni anayamba kumukhulupirira.

Dolo nthawi zambiri zimamuvuta kufotokoza chonchi, osati chifukwa alibe nzeru ayi, koma zinthu zambiri thupi lake linkangozichita lokha. Mukamufunsa munthu yemwe ankadumpha anthu awiri n'kudanka kuti anaganiza chiyani, yankho loona ndi lakuti sanaganize, anaona mpata n'kupita. Palinso vuto lina, dolo ali ndi dzina loti ateteze, ali ndi anzake mu ligi omwe sangafune kuwakhumudwitsa, ali ndi ndalama zokwanira moti palibe chomukakamiza kukhala mpaka usiku akuonera gemu ya matimu awiri apansi kuti mawa akalankhule zolondola. Sindikunena kuti madolo onse amalephera. Charles Barkley anali MVP, wosewera woposa onse mu ligi, mu 1993 ndipo pa kanema palibe amamuposa pokopa anthu, koma taonani yemwe amadzuka kupita pa sikirini kukafotokoza ma play mu pulogalamu yomweyo, ndi Kenny Smith, munthu yemwe anayenda m'matimu angapo ndipo sanakhalepo All-Star ngakhale anatenga makapu awiri ndi Houston. Steve Kerr anali wa pa benchi, anakhala wothirira ndemanga wabwino ku TNT kenako n'kukatenga makapu anayi ngati kochi wa Golden State. JJ Redick anachoka pampando womwewu wa ESPN mu 2024 kupita kukaphunzitsa Lakers ya LeBron yemweyo mukumutchula. Jim Jackson anasankhidwa pa nambala 4 mu 1992, anali limodzi ndi Legler ku Dallas, anayenda matimu 12 ndipo lero ndi mmodzi mwa omwe ndimakonda kuwamvera. Brian Scalabrine ankakhala kumapeto kwa benchi ya Boston ndipo pano ndi liwu la magemu a Celtics.

Nde pa funso lanu loti amadzudzula bwanji LeBron, ine ndimati yang'anani chomwe akudzudzula. Akanena kuti ine ndikanachita bwino kuposa iyeyu, pamenepo mukhoza kumufunsa manambala ake. Koma akanena kuti pa play iyi munthuyu sanabwerere ku difensi ndipo kanema akuonetsa kuti sanabwereredi, mapointi a Legler a mu 1994 alibe nazo ntchito, chomwe chilipo ndi chakuti zanenedwazo ndi zoona kapena ayi. Makochi ambiri omwe amakalipira madolo tsiku ndi tsiku sanasewerepo NBA n'komwe, Gregg Popovich sanasewere, Erik Spoelstra yemwe anamuphunzitsa LeBron ku Miami sanasewere. Ndipo Doris Burke, mayi yemwe Legler walowa m'malo mwake, anasewera ku Providence College basi, koma mu 2024 anakhala mayi woyamba kuthirira ndemanga ma Finals a NBA pa kanema ndipo ankaidziwa gemu kuposa amuna ambiri omwe ankamunyoza pa intaneti. Ndimamupatsa ulemu wonse mayi ameneyu.

Musaiwalenso kuti ulendo wa pa kanemawu unali wautali kuposa wa mu khothi. Kuyambira 2000 mpaka 2025 ndi zaka 25 akugwira ntchito za mu situdiyo, mapulogalamu a usiku, wailesi, magemu omwe si apamwamba, uku akuona anthu obwera pambuyo pake akumudutsa chifukwa mayina awo ndi aakulu. Mpando waukulu uja unali wa Jeff Van Gundy ndi Mark Jackson kwa zaka zambiri mpaka ESPN inawachotsa mu 2023, anaikapo Doc Rivers yemwe sanamalize olo sizoni imodzi anapita kukaphunzitsa Milwaukee Bucks, anaikapo Redick nayenso anapita, anabweretsa Richard Jefferson, ndipo mu 2025 ndi pomwe anamuitana Legler kuti akhale ndi Breen ndi Jefferson. Kuona maso a nkhono n'kudekha, akuluakulu ananena, koma kudekha kwake sikunali kongokhala manja lende, munthuyu ankaonera magemu ndi kukonzekera ngati akadali pa kontirakiti ya masiku 10. Nthawi yake inakumananso ndi kusintha kwa msika, chifukwa kuyambira sizoni ya 2025-26 NBA ili pa mgwirizano watsopano wa zaka 11 ndi ESPN, NBC ndi Amazon, ndalama zake pafupifupi madola 76 biliyoni, nde mpikisano wakula ndipo nyumba iliyonse ikufuna anthu odziwadi kufotokoza gemu.

Tibwere kwa inu achimwene. Choyamba bondolo kalionetseni kuchipatala msanga, musamangolimanga bandeji n'kulowa mu khothi. Za kutchuka zisakudetseni nkhawa, zaka mwasewerazo mwaona makochi osiyanasiyana, mwakhalapo pa benchi, mukudziwa chifukwa chomwe difensi ya zoni imagwira timu ina n'kulephera pa ina, ndipo chuma chanu ndi chimenecho. Kungoti kudziwa gemu ndi luso lina, kuilankhula ndi linanso. Ku America bungwe la osewera linkatumiza osewera ku Syracuse University kukaphunzira zoulutsa, ngakhale Shaquille O'Neal anapitako, ndiye ngati Shaq anakhala pansi kuphunzitsidwa inunso muyenera kuphunzira.

Njira yake ndi yotchipa. Usiku womwe mwadzuka 2 koloko kuonera gemu, tsitsani volyumu kota imodzi, tsegulani rekoda ya pafoni n'kumalankhula nokha ngati muli pa mphepo. Mawa mudzimvere. Mupeza kuti mukubwereza mawu amodzimodzi, mukunena zomwe woonera waona kale, mukulankhula nthawi yomwe munayenera kukhala chete. Dzipatseni lamulo loti mfundo iliyonse ithe mpira usanawoloke pakati pa khothi. Kenako pitani kumagemu athu, kaya ku ABC Blue Gym kaya ku Blantyre Youth Centre, fikani msanga, lankhulani ndi makochi onse awiri, lembani mayina ndi manambala a majezi molondola chifukwa palibe chokhumudwitsa kholo ngati kumva dzina la mwana wake likulakwitsidwa. Magemu omwe amaonetsedwa pa Facebook ndi poyambira pabwino, pemphani kuti mukhale pa maiki olo popanda malipiro poyamba, n'kumasunga tizidutswa tabwino toti mukaonetse ku MBC, Zodiak, Times kapena Mibawa. Nyumba zimenezi zadzaza ndi anthu odziwa mpira wamiyendo koma odziwa kufotokoza basiketibo ndi ochepa, ndipo kuyambira pomwe Basketball Africa League inayamba mu 2021 ndi matimu ngati Bravehearts akumapikisana nawo m'magemu a chipulula, nkhani zoti mukambe zilipo.

Chovuta kwambiri chomwe mukumane nacho ndi chiyankhulo. Ma play onse tinawaphunzira mu Chingerezi, nde munthu akagwira maiki amangothira Chingerezi chokhachokha ndipo mayi yemwe akuonera mwana wake kunyumba samva kanthu. Mawu ngati skrini ndi ribaundi asiyeni momwe timawanenera mu khothi, koma chifukwa chake chifotokozeni mu Chichewa chomveka, kuti uyu wamutchingira mnzake njira dala, kuti uyo wachedwa kubwerera chifukwa amatsutsana ndi refa. Chachiwiri ndi kulimba mtima, dziko lathu la basiketibo ndi laling'ono, yemwe mukumudzudzula Loweruka mukumana naye pa basi Lolemba, mwinanso munasewera naye timu imodzi. Nenani za play osati za munthu, ndipo nenani zokhazo zomwe kanema angakuikireni umboni. Kumbali ya ndalama, musasiye ntchito yomwe muli nayo pano, zoulutsa basiketibo kwathu kuno sizinafike podyetsa banja pazokha, ziyambeni ngati za kumapeto kwa sabata. Mukajambula kota yanu yoyamba tumizani kuno ndidzaimvere n'kukuuzani poti mukonze.